Mapazi Pansi pa Katani

12 Novembala

Okondedwa mwana wanga Kamasule,

Landira moni wochokera kwa ine bambo ako. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino kutali uliko, ndiponso kuti kuzizira kumene umadandaula kuja sikunakulowe m'mafupa. Ife kuno tadzuka, tikuthokoza Mulungu. Usadabwe ndi zilembo zowongokazi, si zanga ayi. Ukudziwa kuti ine ndi cholembera tinakanana kalekale. Akulemba ndi Aphunzitsi a khomo loyang'anana ndi lathu, aja anapuma ntchito aja, ine ndikungoyankhula nditakhala pampando wawo. Tapangana kuti alembe monga momwe zikutulukira pakamwa panga, osadula mutu, osadula mchira. Iwo akuti pepala lili ndi malire. Ndawauza kuti nkhani ilibe.

Mwina ukudzifunsa kuti bwanji osangoimba foni. Mwana wanga, pafoni ndi pomwe ndakhala ndikukunamiza. Nthawi zonse zimene umafunsa kuti, "Bambo, kakompyuta kaja sindikukaona kuno, kali bwino?" ine nkumati, "Ndi netiweki, mwana wanga, netiweki ya kuno ndi yaulesi," dziwa kuti netiweki inalibe mlandu. Ndiye ndaona kuti pamene ndinanamirapo sindingakonzereponso nkhani. Bola pepala, silidula munthu mawu.

Ndiyambire pomwe unatisiya, poti Aphunzitsi nawonso sakuidziwa yonse. Amayi ako atagwa m'bafa chaka chatha chifukwa chokana mankhwala a kuthamanga kwa magazi, achimwene ako, a Dongosolo, anaima pakati pa balaza manja ali m'thumba nkunena kuti zakwana. Anati apeza malo kunyumba yosungirako okalamba odwala kutsidya kwa tawuni, kumene anamwino amadziwa kumwetsa munthu wokana, ndipo ine ndizikawaona Lamlungu masana ngati mlendo. Sindiwada achimwene ako. Ananena zoona: amayi ako sandimvera, chifukwa sandidziwanso. Kwa iwo ndine "abambo aja amabwera muno," ndipo mkazi wanzeru salandira mapiritsi m'manja mwa mwamuna wachilendo. Mawu okhawo amene mutu wawo unasunga osawataya ndi ako. Ndiye iwe unabwera ndi kakompyuta kaja, kochepa ngati sopo wosambira, nkukaphunzitsa kuyankhula ndi mawu ako m'mawa, masana ndi madzulo: "Amayi, ndine Kamasule, tengani mapiritsi ali m'mbalemo mumwe." Achimwene ako anavomera monyinyirika. Anati, "Chabwino. Koma tsiku limene ndidzapeze mapiritsi atatsala m'kabokosi kawo, sindidzafunsanso munthu. Ndidzangobwera ndi galimoto." Ndipo Loweruka lililonse amabweradi, asanapereke ndi moni womwe dzanja lili kale pa kabokosi ka mapiritsi.

Usanachoke unandionetsa zonse. Kakompyuta kali ndi chaja yake yoyera. Pambali pake pali kabokosi kena ka mabowo anayi, kaja unati ndi habu, nako kali ndi chaja yake yakuda. Sipika, kamaikolofoni ndi kandodo ka netiweki zimayamwa pa habupo, poti kakompyuta pakokha sikangathe kudyetsa ana onsewo. Chingwe chimodzi chachifupi ndi chimene chimalumikiza awiriwa. Unati, "Bambo, aliyense ali ndi mbale yake. Osasokoneza." Ndinamva. Khutu langa silitaya mawu, iwe ukudziwa. Koma kumva ndi kumvetsa ndi ana a mimba zosiyana.

Miyezi inayenda bwino ndithu. Ukayankhula, amayi ako nkumwetulira, nkumwa, nkukuyankha kuti, "Ndamwa, mwana wanga, usade nkhawa." Tsono tsiku lina masana ndinatuluka kukayanika zovala. Pobwera ndinawapeza ataima pa tebulo, kapu ya tiyi m'manja, akuthira pang'onopang'ono m'mabowo a habu, kwinaku akuuzira kuti azizire. Ndinafuula kuti, "Mayi, mukutani?" Anandiyang'ana ngati wopusa ndine.

"Abambo inu," anatero, "mwanayu amayankhula tsiku lonse, palibe amamupatsa kanthu. Inu mulibe ana?"

Ndinathamanga kukazula zonse kukhoma, nkupukuta ndi malaya anga omwe. Kakompyuta kanapulumuka, tiyi sanakafike. Habu ndiye inamwa mpaka kufa.

Pamenepo ndikanakuimbira. Koma ndinaopa kuti nkhani ikafika kwa iwe ifikanso kwa achimwene ako, ndipo iwo akamva zoti madzi ndi magetsi zakumana m'manja mwa amayi awo, galimoto ilira usiku usanade. Safunsa adadya phula. Ndinaika habu yakufayo m'thumba nkupita kumsewu uja wa ogulitsa zamafoni. Wogulitsa wina, wa chipewa chotembenuza, atangoiona anaseka.

"Madala, mwafika! Iyi ndi imeneyi, ndi mapasa. Mabowo anayi awa, chaja yake iyi. Komanso yangayi ndi yamphamvu kuposa malemu anuwa."

Ndinaiyang'ana: yakuda ngati inzake, mabowo anayi ngati inzake. Munthu wosadziwa kuwerenga amagula ndi maso. Ndinafika kunyumba, nkulowetsa chilichonse pamalo pake monga unandionetsera, ndipo madzulo amenewo unayankhula bwinobwino. Amayi ako anamwa. Ine ndinadziona ngati injiniya.

Kenaka kunayamba kutentha. Amayi ako thukuta lili kamukamu, osakhazikika, kumangovula ndi kuvala. Achimwene ako anabweretsa fani, nati ekisitenshoni abwera nayo ulendo wina, koma ukudziwa kuti ulendo wina ndi mwana wa mawa. Pakhoma pa balaza pali masoketi awiri okha, ndipo onse anali ndi eni ake: yoyera ndi yakuda. Ndinati mumtima, ndingobwereka soketi imodzi kwa kanthawi, nthawi ya mankhwala ikayandikira ndibweza. Ndinazula chaja yoyera, nkuyembekeza kuti kanyali kofiira ka pa kakompyuta kazime monga kankachitira kale. Sikanazime! Ndinayang'ana chaja m'manja mwanga, ndinayang'ana kanyali, ndinayang'ananso chaja. Kakompyuta kali maso, chonsecho chingwe chake chili lendelende. Ndinati, a chipewa chotembenuza sananame, habu iyi ndi ngwazi, ikudyetsa ana ake ndi mwini nyumba yemwe. Chaja yoyera ndinaikulunga bwinobwino nkuisunga m'kabati, fani nkutenga malo ake. Ndinapita ndi kukadzitama kwa Aphunzitsi. Pano akuti ndinene kuti iwo anandichenjeza. Sanandichenjeze. Anangoti, "Zamakono izi," nkupitiriza kumwa tiyi wawo.

Sipanapite nthawi, unayamba chibwibwi. Unkati, "Amayi, ndine Kama—" basi zii. Papite kanthawi, uyambenso, "Amayi, ndi—" zii. Khutu langa linaona kuti umadukira pomwe mawu ako amakwera, paja umakoka mwachikondi paja, koma chifukwa chake sindinachidziwe. Amayi ako anaimirira, maso ali psuu.

"Ndani akumutseka pakamwa mwana wanga?"

Anasuzumira pansi pa tebulo, anatsegula kabati, anakafufuza mpaka m'bafa. Kenaka anatembenukira ine. "Ndinu. Chibwerereni inu muno, mwana wanga sakumaliza mawu." Mbale ya mapiritsi anaikankhira kutali. Ine mantha atandigwira ndinachita zimene tinkachita ndi mawailesi akale: zula, lowetsa, zula, lowetsa, mwina adzidzimuka. Ndinatulutsa chaja yoyera m'kabati nkuibwezera, zonse ziwiri nkumayaka limodzi. Unayankhula kamodzi mpaka kumapeto, ine nkupuma. Kutacha, kanyali kofiira kali ndii, kaja kobiriwira kamaphethira kaja kali chete. Mawu osatuluka.

Tsiku limenelo linadutsa osamwa kanthu. Ndikuuze zoona, poti ndayamba kale: ndinatenga mapiritsi otsalawo nkukaima nawo pa sinki. Kungotsegula mpopi, kabokosi kakanakhala kopanda kanthu, achimwene ako osadziwa. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Kenaka ndinaona m'maganizo amayi ako ali gone pansi m'bafa ngati chaka chatha, ndipo mapiritsiwo ndinawabwezera m'kabokosi. Ndinati, ngati nkupita apite ali moyo, kusiyana nkuti ndiwasunge ndi bodza mpaka ndiwaike.

M'mawa mwake, ndikusesa, ndinapezeka ndaima kuseri kwa katani ija imatchinga pakona posungira zidebe, pafupi ndi tebulo la kakompyuta. Pamenepo ndinakumbukira kuti ine ndine yani. Iwe unandipeza nditakalamba kale, koma ukudziwa kuti unyamata wanga wonse ndinathera m'malole a maulendo ataliatali. Ntchito yanga yeniyeni sinali kumanga katundu ayi, inali kuyankhula kuti dalaivala asagone. M'lole munalibe wailesi, wailesi ndinali ine, nchifukwa chake dzina lija la Wailesi linandikakamira. Anandiphunzitsa ndi amalume anga, amenenso ankagwira ntchito yomweyo. Ankati, "Nkhani ya mawu amodzi imagoneka munthu. Mukhale anthu ambiri m'kamwa mwako." Ndiye ndinaphunzira kuyankhula ngati wapolisi wa pamsewu, ngati mayi wogulitsa mazira, ngati mkazi wa dalaivala yemwe. Ameneyo ndiye ankadzutsa dalaivala kuposa khofi.

Ndipo nkhani ija munatopa nayo, ya momwe ndinafunsirira amayi ako, uipirire kamodzi kena. Ankasoka pa shopu ya telala wina wa mawu a besi. Tsiku lina telalayo atachoka, ine ndinazembera kuseri kwa katani yoyesererako zovala nkuyankhula ndi mawu ake enieni: "Mtsikana iwe, mnyamata wa lole uja ndi munthu wabwino, usamukane." Amayi ako, osadzutsa ndi mutu womwe pa makina, anangoti, "A Wailesi, tulukani. Mapazi akuoneka." Katani inali yaifupi, ndipo chala changa chija chinapindika jeke wa lole atachigwera chinali chitasuzumira kunja.

Tsono m'mawa umenewo ndinaika mapiritsi m'mbale, madzi m'kapu, amayi ako ali pampando wawo kuyang'ana kuwindo, ine nkulowa kuseri kwa katani. Anthu amaganiza kuti kuyesezera mkazi nkuchepetsa mawu. Ayi. Chinsinsi chili pomwe munthu amapumira. Iwe umati "Amayi" ngati ukufuna kuseka, nkupuma pang'ono, kenaka dzina lako umalimeza kumapeto ngati ukuchita nalo manyazi. Ndinatseka maso, nkukuika pakhosi panga.

"Amayi, ndine Kamasule, tengani mapiritsi ali m'mbalemo mumwe."

Ndinadikira. Kenaka ndinamva kapu ikuchoka pa tebulo.

"Wabwera, mwana wanga? Unali kuti? Abambo aja anandiuza kuti ndi netiweki."

Mwana wanga, ndaseketsa madalaivala, ndaliritsa anthu m'malo odikirira basi, koma sindinayambe ndalipidwa monga m'mawa umenewo.

Komabe ndinadziwa kuti khosi la nkhalamba si makina. Tsiku lomwelo ndinasiya amayi ako ndi akazi awo a Aphunzitsi, nkukulunga kakompyuta, habu, machaja onse ndi zingwe mu thaulo, ulendo kwa mayi uja amakonza mafoni pansi pa masitepe a nyumba ya mankhwala. Ukumudziwa, uja ali ndi magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. Ndinamufotokozera zonse kuyambira pa tiyi. Pa tiyi sanaseke, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha chimenecho. Pa fani ndiye anaseka mpaka kuvula magalasi onse awiri.

"Agogo," anatero, "bwerani muone."

Analumikiza habu yokha kukhoma, chaja yoyera ili patebulo. Kanyali kofiira nkuyaka.

"Mwaona? Inu munati ndi mphamvu. Amenewa ndi matenda. Kakompyuta aka kali ndi khomo lakutsogolo, apa pomwe pamalowa chaja yake. Pakhomo pamenepa pali mlonda, kafyuzi, koti moto ukachuluka kamatseka. Mabowo enawa ndi makomo akumbuyo, otulukira moto kupita kwa sipika ndi anzake. Habu yabwino imadyetsa ana ake okha. Yanuyi ikukankhira moto chobwerera m'chingwemu, kulowera khomo lakumbuyo komwe kulibe mlonda."

"Tsono ngati chakudya chikufika," ndinafunsa, "vuto nchiyani kuti chalowera kuti?"

"Vuto nlakuti chikufika choperewera. Chaja yakudayi ndi yofooka, ndiye sipika ikakweza mawu imakoka moto wambiri, kakompyuta nkukomoka, nkudzukanso, nkukomokanso. Ndicho chibwibwi munamvacho. Ndipo tsiku lina moto ukanabwera wolusa, panalibe woutchinga. Mukanatola makala."

"Nanga pamene ndinabwezera yoyera, zonse ziwiri nkumayaka?"

"Pamenepo munaika ophika awiri pa mphika umodzi, wina akukankhira uku wina uku, osamvana. Mapanga awiri avumbwitsa, agogo, mwambi umenewu ndikuphunzitseni ndine?"

Ndinati ayi mayi, mwambiwo ndikuudziwa, kungoti sindinkadziwa kuti umalowanso m'zingwe.

Anatenga chingwe chachifupi chija, nkuchisenda pakati ndi kalumo. M'kati munali timawaya tinayi. Anandionetsa wofiira. "Uyu ndiye amanyamula moto. Enawa ndi a mauthenga ndi wobwezera, asiyeni. Tikadula uyu yekha, awiriwa azingoyankhulana, osadyetsana." Anadula, nkukulunga mbali zonse ndi tepi, nkuyesa, poti anati mahabu ena akadulidwa chonchi amanyanyala osadzuka. Yathuyi sinanyanyale. Analumikizanso habu yokha kukhoma: kanyali ka kakompyuta kali zii, kozima. Anati, "Mayeso ake ndi amenewa. Chaja yake ikachoka, kazizima. Kakapanda kuzima, pali wina akulowera kumbuyo." Anawonjeza kuti ndikapeza mpata ndigule habu yosabweza moto, ya chaja yamphamvu, machaja onse awiri akhale pa ekisitenshoni imodzi kuti azidzuka limodzi, ndipo ndisadzazulenso kanthu ndisanadine batani lija unaika pambali, nkudikira kobiriwira kasiye kuphethira.

"Chifukwa kakhadi kam'kati kamakhala kakulemba," anatero. "Mukazula moto kali pakati pa kulemba, zimasokonekera. Kanuka munakazula kangati?"

Ndinati sindinawerenge. Anati zikuoneka. Anandiuza kuti ndimusiyire kakompyuta masiku angapo ayese kupulumutsa zimene angathe.

Ndiye masiku amenewo katatu pa tsiku ndinali kuseri kwa katani. Ndinkasiya thaulo litaunjikana pa tebulo kuti pasaoneke kuti palibe kanthu. Amayi ako anayamba kukuuza nkhani, ine nkumayankha mwachidule, poti ndikatalikitsa mawu ako amandithawa. Tsiku lina anakuuza kuti, "Abambo amabwera munowa si oipa ayi, koma amayankhula kwambiri." Ndinayankha ndi mawu ako kuti, "Apirireni, amayi." Ndikanatani?

Loweruka linafika. Achimwene ako amabwera dzuwa litapendeka, mankhwala a masana atamwedwa kale, ndiye ndinali nditakonza zoti ndidzanene za thaulo. Koma tsiku limenelo anafulumira, ndipo ali ndi kiyi wawo. Ine ndili kuseri kwa katani, nsapato nditavula chifukwa cha kutentha, ndatseka maso, ndangoyamba kumene kuti "Amayi," ndinamva chitseko. Kubwerera kunali kosatheka. Ndinamaliza mawu ako onse mpaka kumapeto. Pa kampata ka katani ndinaona achimwene ako ataima, akuyang'ana tebulo. Ananyamula thaulo. Pansi pake panalibe kanthu. Anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wamva mzukwa, kenaka anatsegula kabokosi ka mapiritsi. Munali a tsiku limodzi lija lokha, ena onse atamwedwa.

Amayi ako anatenga mbale, anamwa, anaika kapu pansi bwinobwino. Sanakuyankhe monga amachitira. Maso awo anali pansi, kumunsi kwa katani. Kenaka ndinamva mawu amene ndinali nditawaika kale m'manda ngakhale mwini wake ali moyo.

"A Wailesi, tulukani. Mapazi akuoneka."

Aphunzitsi aima kulemba, akuti m'maso mwawo mwalowa kachitsotso. Tiwadikire.

Ndinatuluka. Anandiyang'ana kumapazi, nkukwera pang'onopang'ono mpaka kumaso, ndipo sanatembenuke monga amachitira ndi mlendo.

"Mwakalamba koma simusintha," anatero. "Mwana ali kutali, inu nkumamuba mawu. Mulibe manyazi?"

Ndinati, "Ndilibe, mayi."

"Mwaonda. Kodi akukudyetsani?" Anandikokera pampando wa pambali pawo, nkundikonza kolala ya malaya monga ankachitira ndikamanyamuka ulendo. Kenaka anaona achimwene ako ataima ndi thaulo m'manja, nkundinong'oneza kuti, "Nanga abwana awa akufuna chiyani? Apatseni mpando."

Achimwene ako anatuluka panja. Nditawatsatira ndinawapeza ataima pakhonde, atandifulatira. Ndinawauza zonse: tiyi, habu ya mumsewu, fani, ndi za pa sinki zomwe. Ndinati, "Mapiritsi a tsiku limodzi mwawapeza. Munanena nokha. Galimoto yanu ili apo."

Anatembenuza makiyi m'manja.

"Bambo, nanga tsiku limene mudzadwale chifuwa, mawu osatuluka?"

"Nchifukwa chake kakompyuta kali kwa mayi wa mafoni," ndinatero.

Anapukuta kumaso ndi thaulo lomwe lija. "Ekisitenshoni ndinalonjeza ndine," anatero. "Ndikanabwera nayo, bwenzi musanazule kanthu." Anatsika masitepe, nkutembenuka. "Galimotoyo yabwera ndi munthu mmodzi, ibwereranso ndi mmodzi. Lowani, akusowani."

M'mawa mwake anabwera ndi ekisitenshoni ya switchi imodzi, habu yatsopano imene anakasankha ndi mayi wa mafoni, ndi kashelefu kamene anakhomera pamwamba, pomwe kapu ya tiyi singafike. Kakompyuta katabwerako anayesa okha: kudina batani, kudikira kobiriwira kagone, kuzula yoyera. Kanyali kofiira nkuzima. Tonse awiri tinawomba m'manja. Chibadwire sindinaone anthu akusangalala chifukwa nyale yazima.

Tsopano pempho langa ndi ili. Mayi wa mafoni wakonza zonse, kakompyuta kakudziwa nthawi zake, koma mawu ako anawonongeka m'kakhadi kakale. Chimene chinapulumuka ndi kachidutswa kamodzi, paja unkayesa maikolofoni nkunena kuti, "Kodi zikumveka?" Ndiye katatu pa tsiku kamafunsa kuti kodi zikumveka, ine kuseri kwa katani nkupitiriza. Chonde jambulanso mawu ako utumize pa foni ya achimwene ako, iwo akapereka kwa mayi uja. Ujambule a m'mawa ndi a madzulo. A masana usavutike nawo. Amenewo undisiyire.

Ungafune kudziwa ngati akundidziwabe. Ayi, mwana wanga. Dzuwa lisanalowe Loweruka lomwelo anandifunsa kuti, "Abambo inu, kwanu simupita?" Ndinafuna ndikupemphe kuti pojambulapo uwonjezere mawu akuti, "Amene akukupatsani madziwo ndi amuna anu," poti iwe amakukhulupirira. Aphunzitsi anali atalemba kale theka, ndawauza afufute. Sindikufuna andidziwe chifukwa kabokosi kawauza. Anandidziwa okha kamodzi, ndipo khomo limene analowera ndaliona.

Achimwene ako akupereka moni, ndipo akuti usawakalipire za ekisitenshoni, adzikalipira kale. Alamu ako ndi ana ali bwino. Mayi wa mafoni akuti ntchito yako ndi yaudongo, koma ulendo wina uzimata kapepala pa chaja iliyonse. Ndamuuza kuti kapepalako akawerenge ndani. Aphunzitsi ndi akazi awo akuti uzivala zofunda, ndiponso akuti dzanja lawo lafa.

Moni wa amayi ako sindikupangira. Ndingathe kuyankhula ngati munthu aliyense amene ndinamumvapo, koma mawu awo okha sindinayesepo, ndipo sindiyamba lero. Ndingokuuza zimene ananena dzulo atamwa mankhwala, akuyang'ana kashelefu kaja: "Mwanayu amukweza pamwamba, tsopano adya bwanji?" Ndiye uzidya, mwana wanga. Umenewo ndiye moni wawo.

Ukadzabwera usadzandigulire nsapato zina, zija unatumiza zikadali zatsopano. Masiku ano m'nyumba muno ndikuyenda chopanda nsapato, ndipo katani ija ndaipinda pang'ono m'munsi.

Ndine bambo ako okukonda,

A Wailesi